Mzikiti wa Auwal ku Cape Town: mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri okhala ku Cape Town dera la Bo-Kaap amalidziwa chifukwa cha nyumba zake zopakidwa penti wowala, zomwe alendo amajambulitsapo zithunzi tsiku lonse. Koma m'kamsewu kena ka m'deralo muli mzikiti umene anthu amaudutsa osadziwa kuti ndiwo woyamba m'dziko lonse la South Africa. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri nkhani ya mzikitiwu ikayambika.

Mzikitiwu uli pati kwenikweni?

Uli mu Dorp Street, ku Bo-Kaap, m'munsi mwa phiri la Signal Hill. Kuchokera pakati pa tauni n'koyenda pansi: mukawoloka msewu waukulu wa Buitengracht n'kuyamba kukwera chitunda, mwafika. Musayembekezere chinyumba chachikulu chokhala ndi bwalo. Unapanikizana ndi nyumba za anthu, khoma kukhoma, ndipo mzikiti waukulu wa ku Old Town ku Lilongwe umauposa kutali. Dzina lakuti Auwal ndi la Chiarabu, kutanthauza woyamba.

Unayamba liti?

Chaka chimene chimatchulidwa ndi 1794. M'chaka chimenecho Coridon van Ceylon, munthu amene anakhalapo kapolo kenako n'kumasulidwa, anagula malo mu Dorp Street. Pamalopo panali nyumba yosungiramo katundu, ndipo m'menemo ndi mmene ana ndi akulu ankaphunzirira Qur'an. Sukulu ndiyo inatsogola, mzikiti unabwera pambuyo. Angerezi atalanda Cape m'manja mwa Adatchi mu 1795 zinthu zinayamba kufewa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1790 nyumba ija inali ikugwira ntchito ngati malo a swala.

Nyumba imene mukuiona lero yakonzedwa ndi kukuzidwa kangapo. Pa makoma akale, awiri okha ndiwo atsala.

Asilamu anafika ku Cape kale kwambiri. Nanga anadikiriranji zaka zonsezo osamanga mzikiti?

Sanadikire mwakufuna kwawo. Kampani ya Adatchi ya VOC inakhazikika ku Cape mu 1652, ndipo malamulo ake ankaletsa chipembedzo china chilichonse kuchitika poyera kupatula mpingo wa Dutch Reformed. Ngakhale Akhristu anzawo a Lutheran anadikira mpaka cha m'ma 1780 kuti aloledwe kukhala ndi tchalitchi. Msilamu ankaloledwa kupemphera m'nyumba mwake mwakachetechete, koma kusonkhanitsa anthu kapena kutembenuza wina unali mlandu waukulu. Kwa owerenga a ku Nkhoma: mpingo umenewu ndi womwewo umene patapita zaka zoposa 200 unatumiza amishoni ku Mvera mu 1889.

Sheikh Yusuf wa ku Makassar ku Indonesia, amene ambiri amamutenga ngati tate wa Chisilamu ku South Africa, anafika mu 1694 atapirikitsidwa kwawo. Adatchi anamuika kutali ndi tauni, pa famu ya Zandvliet, kuti asamakumane ndi akapolo, ndipo anamwalira mu 1699 asanamange mzikiti. Kwa zaka 100 zotsatira Chisilamu chinkayenda m'nyumba za anthu omasulidwa, usiku, zitseko zili zotseka. Mapemphero oyamba a Lachisanu ochitika poyera anachitikira pamalo okumba miyala mu Chiappini Street, panja, popanda denga. Ufulu wa chipembedzo unalengezedwa mu July 1804.

Tuan Guru amene amatchulidwa paliponse pa nkhaniyi anali ndani?

Dzina lake lenileni linali Abdullah ibn Qadi Abdus Salaam, wa kubanja lachifumu pa chilumba cha Tidore, m'dziko limene lero ndi Indonesia. Zilumba za kumeneko n'zimene zinkalima zokometsera zakudya zomwe Azungu ankalimbirana, ndipo Adatchi anamuimba mlandu wogwirizana ndi Angerezi kuti awaukire. Anafika naye ku Cape mu April 1780, ali kale munthu wachikulire, n'kumutsekera pa Robben Island, chilumba chomwechija anadzamangidwapo Nelson Mandela. Anatuluka cha m'ma 1793.

Munthu wa zaka pafupifupi 80, wotuluka kumene m'ndende, m'dziko lachilendo, akanatha kungokhala pansi n'kudikira tsiku lake. Iye anatsegula madrasa. Ophunzira ake anali akapolo, ana a akapolo ndi anthu omasulidwa, ndipo pofika 1807, chaka chimene anamwalira, analipo oposa 370. Iyeyo ndiye anali imamu woyamba wa Auwal. Dzina lakuti Tuan Guru anamupatsa ndi anthu ake pomulemekeza ngati mphunzitsi wamkulu, ndipo mpaka lero dzina lake lenileni ndi ochepa amalitchula.

N'zoona kuti analemba Qur'an yonse pamtima?

Inde, ndipo analemba makope angapo. Ku Cape kunalibe komwe akanagula Qur'an, choncho anailemba pamanja kuchokera mu zimene analoweza pamtima. Analembanso buku lina la zikhulupiriro ndi malamulo a Chisilamu, m'Chiarabu ndi m'Chimalay, limene aphunzitsi a ku Cape anagwiritsa ntchito kwa mibadwo ingapo.

Kope limodzi la Qur'an yakeyo linapezeka m'zaka za m'ma 1980, anthu akukonza mzikitiwu. Linali kudenga, masamba ake osamangidwa pamodzi, m'mphepete mutayamba kudyeka. Akatswiri anawasanja bwinobwino, ndipo lero Qur'an imeneyi imasungidwa m'bokosi lagalasi mkati mwa mzikiti. Mukayang'anitsitsa muona inki yakuda ndi yofiira, ndi dzanja la munthu amene sankathamangira. Kwa ine chimenechi ndiye chinthu choyenera kupitira ku Dorp Street, kuposa makoma.

Malowo anapereka ndani?

Apa mbiri imakonda kuwathamangira anthu ena. Coridon van Ceylon anamwalira patangopita zaka zochepa atagula malo aja, ndipo anatsalira mkazi wake, Trijn van de Kaap. Mwana wamkazi wa m'banjalo, Saartjie van de Kaap, anakwatiwa ndi Achmat van Bengalen, wophunzira wa Tuan Guru amene anadzakhalanso imamu wa mzikitiwu. Mu 1809 malowo analembedwa m'dzina la Saartjie, ndipo mu wilo yake ananena kuti akhalebe mzikiti malinga ngati boma likulola Chisilamu m'dzikomo.

Mawu amenewo akusonyeza mmene zinthu zinalili: ufulu unali utaperekedwa, koma palibe ankaukhulupirira kuti ukhalitsa. Ndipo n'zoyenera kunena mosabisa kuti popanda mayi ameneyu, yemwe mayina a makolo ake ndi a akapolo, malo aja akanagawidwa ngati chuma chamasiye n'kugulitsidwa. Mayinawo nawonso ali ndi nkhani yake. "Van Ceylon", "van Bengalen", "van de Kaap" sanali mayina a mabanja. Ogula akapolo ankangolemba kumene munthu wachokera.

N'chifukwa chiyani akapolo ambiri ankalowa Chisilamu m'dziko lolamulidwa ndi Akhristu?

Zifukwa zinalipo zingapo, ndipo china chinali m'thumba mwa eni akapolo. Mu 1770 kunabwera lamulo loti kapolo wobatizidwa asagulitsidwe. Mwini kapolo ankaona kuti kumubatiza n'kutaya ndalama, choncho ambiri anangosiya kubatiza. Enanso ankakonda kapolo wa Chisilamu chifukwa samwa mowa, ndipo ankamudalira pa ntchito ya vinyo ndi yoyendetsa ngolo.

Koma chachikulu chinali zimene kapoloyo ankazipeza kwa imamu. Boma silinkazindikira ukwati wa akapolo, koma imamu ankawamangitsa ukwati. Mwana akabadwa ankamupatsa dzina pamwambo. Munthu akamwalira ankasambitsidwa, kukulungidwa mu sanda, n'kunyamulidwa ndi anzake pamapewa kupita kumanda, osati kungokwiriridwa ngati katundu wowonongeka. Ku madrasa ankaphunzira kuwerenga. Kumbukiraninso kuti ku Cape kapolo ankadziwika ndi kuyenda wopanda nsapato, chifukwa sankaloledwa kuvala. Mu mzikiti aliyense amavula, ndipo kapolo ankaima phewa ndi phewa ndi munthu womasuka pamzere umodzi. Pofika zaka za m'ma 1840, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'tauni ya Cape Town anali Msilamu.

Anthu amati "Cape Malay". Ndiye kuti onsewo anachokera ku Malaysia?

Ayi, ndipo dzinali limasokoneza. Pakati pa 1652 ndi 1808 akapolo pafupifupi 63,000 anabweretsedwa ku Cape kuchokera ku zilumba za Indonesia, ku India ndi Sri Lanka, ku Madagascar, komanso ku gombe la kum'mawa kwa Africa. M'zaka zomalizira za malondawa, ambiri ankachokera ku Mozambique, ndipo ku Cape ankawatchula kuti Mozbiekers. Misewu ya malonda yopita ku chilumba cha Mozambique inkachokera mkati mwenimweni, mpaka madera a kufupi ndi nyanja ya Malawi.

M'chaka chomwecho cha 1794 chimene malo a mzikitiwu anagulidwa, mu December, sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, yochokera ku chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil itanyamula anthu pafupifupi 500, inasweka pamiyala kufupi ndi Clifton, kuseri kwa phiri. Oposa 200 anamira. Opulumuka sanamasulidwe: anagulitsidwa ku Cape komweko. Anthu ngati amenewa, ndi ena amene anabwera pambuyo, ambiri anadzalowa Chisilamu n'kukwatirana ndi a ku Asia. Choncho amene amati Chisilamu cha ku Cape n'cha "amwenye" okhaokha sakuidziwa bwino nkhaniyi.

Pali ubale uliwonse ndi Chisilamu cha ku Malawi?

Ubale wa mbiri wolunjika palibe. Kwathu Chisilamu chinalowera kunyanja ndi kum'mawa, kudzera mwa Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, kenako mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda. Auwal unali utakwanitsa kale zaka pafupifupi 50. Kusiyana kwina n'kowawa koma n'koona: ku Nkhotakota chipembedzochi chinabwera ndi amalonda amene ankagulitsanso akapolo ndi minyanga, pamene ku Cape chinali chipembedzo cha ogulitsidwawo.

Komabe Msilamu wa ku Mangochi kapena ku Machinga akalowa mu Auwal sasochera. Asilamu ambiri a ku Cape amatsata mazhabu (njira yomasulira malamulo a Chisilamu) a Imam Shafi'i, monganso ambiri a ku Malawi, choncho kaswalidwe n'kofanana, kuphatikizapo pemphero lapadera la qunut pa swala ya m'bandakucha. Chimene chingamuvute ndi chinenero, chifukwa ulaliki umakhala m'Chingerezi, nthawi zina mosakaniza ndi Afrikaans.

Bwanji ku Bo-Kaap kuli mizikiti yambiri chonchi pamalo ochepa?

Chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, inde, koma makamaka chifukwa cha mikangano. Tuan Guru atamwalira mu 1807 panabuka kusamvana pa za womulowa m'malo, ndipo Jan van Boughies ndi Frans van Bengalen anatuluka n'kukayambitsa mzikiti wachiwiri mu Long Street, umene lero umadziwika kuti Palm Tree Mosque. Mu 1844 mzikiti wa Nurul Islam unayamba mu Buitengracht, motsogozedwa ndi mwana wa Tuan Guru yemwe. Zinapitirira choncho. Uimamu unkayenda ngati ufumu wa pabanja, bambo kusiyira mwana, ndipo milandu ingapo inakathera kukhoti la Azungu, kumene woweruza wosadziwa n'komwe Al-Fatiha, sura yoyamba ya Qur'an, ankagamula kuti imamu ndani.

Pofuna kuthetsa phokosoli, ufumu wa Ottoman wa ku Turkey unatumiza katswiri wa malamulo a Chisilamu, Abu Bakr Effendi, amene anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860. M'malo mozimitsa moto anauwonjezera nkhuni, chifukwa ankaphunzitsa motsata mazhabu a Hanafi pakati pa anthu a Shafi'i. Mkangano wotchuka unali wa nkhanu za m'nyanja zotchedwa crayfish, zimene iye anati n'zoletsedwa, kuuza anthu amene ambiri anali asodzi. Mizikiti ya Hanafi inayambira pamenepo.

Ndamva kuti mzikitiwu uli ndi gawo pa mbiri ya chinenero cha Afrikaans. Zoona?

Zoona, ngakhale boma la tsankho silinkakonda kuti zimveke. Chimalay chitayamba kuzilala, ana a m'madrasa a ku Cape ankaphunzira m'chinenero chimene ankayankhula kukhitchini ndi kumsika, chomwe chinali Chidatchi cha ku Cape, kholo la Afrikaans. Poti zilembo zimene ankadziwa zinali za Chiarabu, ankalemba chinenerocho m'zilembo zimenezo, m'timabuku totchedwa koplesboek tomwe mwana ankalowezeramo phunziro. Zina mwa zolembedwa zakale kwambiri za Afrikaans zili m'zilembo za Chiarabu. Buku la Abu Bakr Effendi lotero linasindikizidwa ku Istanbul mu 1877.

Masiku ano mu mzikitimu mumachitika zotani?

Zomwe zimachitika mu mzikiti uliwonse wa m'dera: swala zisanu pa tsiku, Jumu'ah Lachisanu, maukwati, janaza, ndi kuphunzitsa ana. Si nyumba yosungiramo zakale. Lachisanu masana mumadzaza anthu ogwira ntchito m'tauni, ndipo pamzere mumapeza a ku Somalia, a ku Senegal, a ku Bangladesh, Amalawi ndi eni dera.

Chimene chimapatsa Bo-Kaap fungo lakelake ndi miyambo yozungulira mzikiti. Lachinayi usiku, m'mizikiti ndi m'nyumba, anthu amasonkhana kuchita gadat, kutchula mayina a Mulungu ndi kuwerenga mapemphero amene anasanja Imam al-Haddad wa ku Yemen, m'mawu okoka onga nyimbo, kenako tiyi ndi makeke. Pokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, kumene kwathu timati Ziyala, amayi amavala zokongola n'kukhala pansi mu mzikiti ndi timipeni ndi timatabwa, kudula masamba a malalanje tizidutswa ting'onoting'ono. Amawathira mafuta onunkhira, kuwafukiza lubani, n'kuwakulunga m'timapaketi togawira anthu usiku wake. Mwambowu amautcha rampies sny. Ndipo monga mmene nkhani ya sikiri imagawira Asilamu kwathu, ku Cape nakonso alipo mashehe amene amati zina mwa izi ndi zongowonjezera, pamene ena amati n'zimene zinasunga chipembedzo nthawi imene mzikiti kunalibe. Pa mbiri yokha, a mbali yachiwiriwa ali ndi mfundo yovuta kuitsutsa.

Nanga Ramadhan imayenda bwanji kumeneko?

Kufutulu amati boeka, ndipo dzuwa likatsala pang'ono kulowa muona ana akuyenda ndi timbale tovundikira kuchoka khomo lina kupita lina, kusinthanitsa masamusa ndi timakeke. Usiku wa 15 amaphika boeber, chakumwa cha mkaka chotsekemera, chothira vermicelli, sago ndi cardamom, posonyeza kuti mwezi wafika pakati. Kumapeto kwa mwezi khamu limapita kunyanja ku Three Anchor Bay kukayang'ana mwezi, ndipo kulengeza kwa Eid, imene iwo amati Labarang, kumadikira zomwe aona kumeneko. Bungwe la Muslim Judicial Council, lomwe linayamba mu 1945, limatenga mbali yaikulu pa zimenezi.

Chenjezo kwa obwera kumene: Cape Town ili kutali kum'mwera, choncho usana umatalika ndi kufupika kwambiri kuposa kwathu. Mu December dzuwa limakhala kunja maola oposa 14, mu June pafupifupi 10 okha. Nthawi za daku ndi futari musaziyerekezere ndi za kumudzi, tengani kalendala ya pamzikiti.

Tuan Guru anaikidwa kuti?

Ku manda a Tana Baru, pamwamba pa Bo-Kaap, kumapeto kwa Longmarket Street. Malowa anaperekedwa kwa Asilamu mu 1805, Adatchi atabwezeredwa Cape kwakanthawi, pamene bwanamkubwa wawo Janssens ankafuna kuti amuthandize pankhondo yolimbana ndi Angerezi, imene inamenyedwa ku Blaauwberg mu 1806.

Mandawa ali ndi nkhani yawoyawo. Nthomba itapha anthu ambiri mu 1882, boma linaganiza zotseka manda a m'tauni, ndipo mu January 1886 Tana Baru inatsekedwa. Manda atsopano anali kutali, pamene mwambo unali wonyamula maliro pamapewa. Pa 17 January, Asilamu pafupifupi 3,000 ananyamula maliro a mwana, kukwera nawo phiri n'kukawaika ku Tana Baru komweko, apolisi akuona. Panabuka chipolowe, ndipo mtsogoleri wawo Abdol Burns, yemwe ankayendetsa ngolo zonyamula anthu, anamangidwa.

Mzikitiwu unapulumuka bwanji nthawi ya tsankho?

Unapulumuka chifukwa cha lamulo lomwelo limene linaphwanya madera ena. Pansi pa Group Areas Act ya 1950, lamulo logawa madera okhalamo potengera mtundu, Bo-Kaap inalengezedwa mu 1957 kukhala dera la "Amalay". Choncho Asilamu ambiri anatsala, ngakhale ena amene sanawerengedwe m'gulu limenelo anachotsedwa. District Six, mbali ina ya tauni yomweyo, inalengezedwa dera la Azungu mu 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwira ku Cape Flats, kunja kwa tauni, nyumba zawo n'kugumulidwa. Mizikiti, matchalitchi ndi nyumba zina zochepa ndizo zinatsala chilili pakati pa thengo. Kupulumuka kwa Bo-Kaap sikunali chifundo: boma linkafuna kusonyeza kuti mtundu uliwonse uli ndi khola lake.

Ndiye panopa palibe chowopseza?

Chilipo, ndipo ndi ndalama. Bo-Kaap ili pafupi ndi tauni, ikuyang'ana Table Mountain, ndipo nyumba zake zakwera mtengo kwambiri. Mtengo wa nyumba ukakwera, msonkho wa kukhonsolo umakweranso, ndipo banja limene lakhala pamalopo mibadwo isanu limapezeka likugulitsa. Ogula ambiri sakhalamo okha, amachititsa lendi kwa alendo a masiku awiri. Mu 2018 anthu a m'derali anachita zionetsero, ndipo mu Ramadhan anayala mphasa pakati pa Wale Street n'kufutulira pamsewu. Mu 2019 boma linaika malo 19 a ku Bo-Kaap, kuphatikizapo Auwal ndi Tana Baru, pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko. Zimenezi zimateteza makoma. Sizibweza banja limene lasamukira kutali ku Mitchells Plain ku Cape Flats, ndipo swala ya m'bandakucha imadzazidwa ndi anthu ogona pafupi.

Munthu amene si Msilamu angalowe?

Angalowe, bola apemphe kaye. Alendo amalandiridwa, ndipo mu September 2019 Prince Harry ndi mkazi wake Meghan anafikako n'kuonetsedwa Qur'an ya Tuan Guru. Njira yabwino ndiyo kupita ndi munthu wa m'deralo woonetsa alendo, kapena kufunsa kwa oyang'anira mzikiti kunja kwa nthawi ya swala. Lachisanu masana si nthawi yokaona malo. Valani zofika m'mawondo ndi zobisa mapewa, amayi atenge mpango wakumutu, nsapato zitsale pakhomo, ndipo musadutse kutsogolo kwa munthu amene akuswali. Pajambulani pokhapokha mwaloledwa, ndipo zimenezi zikukhudzanso makomo a nyumba zopakidwa penti zija, chifukwa muli eni ake. Mukamva kuphulika kwakukulu 12 koloko masana musathawe: ndi mzinga wa pa Signal Hill, umene umawombedwa nthawi imeneyo kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi.